Mphuno ya Adadi

Lamulungu, 12 Januwale

Kuimbirana pa vidiyo ndi Adadi, monga Lamulungu lililonse. Ola lathunthu ndikucheza ndi mphuno. Mphuno, nsidze imodzi, nthawi zina kachidutswa ka chipumi. Tabuleti amaigwira ngati akufuna kuinunkhiza.

Chonsecho ntchito yanga ndi yomweyi, kuphunzitsa ofuna ntchito kakhalidwe ka pa kamera. Mutu ndi mapewa zioneke, kamera italikire mkono umodzi, osamupumira munthu kumaso. Anthu amandilipira kuti ndiwauze zimenezi. Woumba mbiya amadyera m'phale.

Kwawo ku Duluth chipale chofewa chagwa mpaka kufika m'mawondo. Kuno ku Tucson dzuwa, mandimu akungogwa okha.

Lachiwiri, 14 Januwale

Lyle waimba foni. Mlongo wanga ameneyu nyimbo yake ndi imodzi: Adadi asiye kuyendetsa galimoto, nyumba igulitsidwe, akakhale kunyumba yosungira okalamba ku Fargo, pafupi ndi iye. Akuti anagunda bokosi la makalata la aneba ndi pikiapu. Ndamuuza kuti msewu unali woterera. Ndimawaona sabata iliyonse, ali bwinobwino.

"Iwe umaona mphuno, Marlys," watero. "Mphunoyo ndiye ili bwinobwino, sindikukana."

Adadi ananena okha kuti ana awiri tonse tikagwirizana, makiyi apereka. Ndiye zatsalira ine. Ndakana.

Lachisanu, 17 Januwale

Mnyamata wina lero, wofuna ntchito ya ku banki, nkhope yonse m'kamera. Ndamubweza m'mbuyo kawiri.

Kwathu sitikumbatirana. Adadi ndi anzawo a kutchalitchi, a Torvald, amacheza atatsamira pikiapu, uyu mbali iyi, uyo mbali inayo, onse maso ali pa matayala. Pa maliro a Amayi, Adadi anandigwira paphewa ndi zala ziwiri, n'kubwerera pamalo pawo. Munthu woteroyo lero akundidzazira sikirini ndi tsitsi la m'mphuno. Ukalamba ulibe manyazi.

Ndawatumizira choimikira tabuleti, kuti nkhaniyi ithe.

Lamulungu, 26 Januwale

Choimikira chinafika. Ndawalangiza ngati ophunzira anga. Ikani patebulo, khalani pampando, bwererani. Bwererani ndithu. Pang'ononso. Amvera osatsutsa, zomwe si zawo.

Ndawaona athunthu, koyamba m'miyezi yambiri. Juzi yaubweya ija, mabatani olowa m'mabowo olakwika. Kumbuyo kwawo mulu wa nyuzipepala, zonse zidakali m'mapulasitiki ake. Munthu amene sankamwa khofi asanawerenge za maliro ndi za nyengo. Maso akuyang'ana pambali pang'ono, pamene panalibe ine.

"Ukundiona bwino tsopano?"

Ndati eya, bwino kwambiri, ngati wowerenga nkhani pa wailesi ya kanema.

"Chabwino. Ine ndiye sindikukuona. Pakatipa pali chimtambo. Ndikayandikira ndimapezako kukamwa kwako, cha m'mphepetemu."

Kuyambira liti? Akuti chilimwe chathachi. Nanga galimoto? "Msewu wa kutchalitchi ndimaudziwa pamtima, mwanawe."

Pamtima. Pamsewu umenewo pali sukulu ya ana.

Kenako tinangokamba za chipale mpaka kutsanzikana.

Lolemba, 27 Januwale

Lyle sindinamuimbire. Ndathirira mandimu. Ophunzira atatu, onse ndawabweza m'mbuyo. Wachitatu anafunsa ngati ndili bwino, ndati ndi chimfine.

Ndikuopa. Ndikavomera, nyumba yapita, pikiapu yapita, ndipo wowalanda ndine. Ndikakana, pali ana aja.

Choimikiracho ndinasankha chabwino, chachitsulo.

Lachinayi, 30 Januwale

Lyle ndamuimbira. Ndavomera za makiyi. Sananene kuti ndinakuuza. Bola akanatero, ndikanapeza pokwiyira.

Ndege Loweruka. Jekete ya nyengo yozizira ndaipeza pansi pa sutikesi, ikununkha nkhungu.

Loweruka, 1 Febuluwale

Duluth. Kuzizira kolowa m'mano. Pikiapu ili panja, nyali yakumanja yosweka.

Makiyi ndawapeza ali kale patebulo la m'khitchini, pambali pa makapu awiri a khofi. Palibe anawatchula. Ndawaika m'thumba iwo akupapasa shuga m'kabati. Za nyumba ndi za ku Fargo tikamba mawa Lyle akafika.

Ndinaima pakhomo la khitchini, iwo cha pa sitovu, mtunda wathu wa masiku onse. Anafunsa za ndege, ndinayankha. Anafunsa za mandimu. Kenako anasiya supuni n'kubwera. Anadutsa tebulo, anadutsa mkono umodzi uja ndimaphunzitsa anthu, mpaka mpweya wawo wa khofi kumaso kwanga. Mutu anaupendeketsa, kundifufuza ndi m'mphepete mwa diso.

Phazi langa linayamba lokha kubwerera m'mbuyo. Anandigwira mkono wa jekete.

"Ima pomwepo. Iwe, imvi zonsezi zinabwera liti?"

Ndinaima.