Mapepala a m'bokosi lobiriwira musayatsirenso moto

Bradford, 9 Novembala 1868

Okondedwa amayi,

Lolemba lapitali kunabwera mlendo kunyumba kuno, ndipo chichokereni iyeyo mtima wanga uli m'mwamba. Koma ndiyambe ndakupatsani moni. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kukwera chitunda cha kutchalitchi? Iwe Dorcas mlongo wanga, powawerengera amayi kalatayi usadumphe mzere ngakhale umodzi.

Ife tilipo, kupatula mwana wathu Martha. Chifuwa chija sichikutha. Chipinda tikukhalachi ndi chapansi, makoma sauma, utsi wa mafakitale umalowa mpaka m'bulangete. Adokotala anena mosabisa kuti mwanayu akapanda kuchoka m'tauni muno, nyengo yozizira ino saimaliza.

Mlendoyo ndi bambo Pennock a ku London, amene ankasindikiza mabuku a malemu Dona Ormerod, aja Keziah anawagwirira ntchito zaka zisanu ndi zinayi tisanakwatirane. Mukudziwa nokha mmene ankakhalira donawo, kudzitsekera m'nyumba ya pamtunda ija, osalandira munthu ngakhale abusa, kumangoyenda okha m'mapiri mvula ikuwathira. Ife tinkati mutu sukuyenda bwino. Lero akuti anthu akuchokera kutali kudzaona nyumbayo, ena mpaka akugumula timiyala ta mpanda kukasunga kwawo. Ine sindikumvetsa. Buku lawo ndinalekera patsamba lachitatu.

Bambo Pennock akufuna buku lomaliza limene donawo analisiya lisanathe. Akuti likapezeka andiika kukhala woyang'anira nyumbayo, tizikakhala m'kanyumba ka pageti kaja. Kouma, amayi, mpweya wa kwathu, ndipo kwa inu ndi ulendo wa ola limodzi basi.

Bukulo ndi mapepala aja ali m'bokosi lobiriwira ndinakusiyirani pansi pa masitepe. Omwe aja ndinakuuzani ndi pakamwa pangapa kuti muziyatsira moto ndi kuyala m'ziwaya za buledi. Ndinkaona ngati zinyalala, ofufutafufuta, tizilembo ngati nyerere. Tsopano ndikaima pamakina oluka nsalu ndimangoganiza kuti mumatenga angati patsiku, miyezi khumi ndi inayi yonseyi. Lachitatu ndinadula ulusi kawiri, akapitawo anandifunsa ngati manja ndawaiwala kunyumba.

Vuto lina ndi Keziah. Donawo ali pafupi kutsirizika anamulumbiritsa, dzanja pa Baibulo, kuti mapepalawo awotche onse munthu asanawawerenge. Iye yekha analephera kuwaponya pamoto, n'chifukwa chake mtima wake unakhala pansi pamene ndinawasiya kwa inu kuti azipsa pang'onopang'ono iye asakuona. Keziahyo anawayankha bambo Pennock kuti zonse zinapsa kalekale, n'kuwatsegulira chitseko tiyi asanamalize.

Atapita tinakangana kwambiri. Ndinamufunsa ngati munthu wakufa amatsokomola. Iye anati ndine mutu wa chitsa, ndikhoza kugulitsa ndi manda a bambo anga omwe wina atandilonjeza denga losadontha. Akuti mzimayi uja anabisala moyo wake wonse, ndiye ife tikamuvule pagulu poti sangathenso kukana? Pamenepo sakunama ayi. Kenako Martha anayambanso kutsokomola, mkangano unathera pomwepo.

Pempho langa ndi limodzi. Kuyambira lero musatengenso pepala m'bokosimo. Otsalawo muwamange ndi chingwe, muwakulunge m'nsalu kuti asanyowe, muwapereke kwa a Hirst a ngolo Lachisanu likudzali. Akawasiye kwa alonda a pafakitale, osati kunyumba ayi. Dorcas asawerenge ngakhale tsamba, wophwanya lonjezo ndikhale ine ndekha. Bambo Pennock akubwerera ku London pa 20, chonde musachedwe.

Keziah sakudziwa kuti ndalemba kalatayi. Ndidzamuuza mapepala ali kale m'manja mwanga, ndipo ngati adzandiyang'anenso kumaso sindikudziwa.

Ngakhale atatsala ochepa, tumizanibe. Koma ngati munamaliza onse, musadziimbe mlandu, munachita zimene ndinakuuzani. Mungondiuza, kenako muyale bedi langa lakale lija pafupi ndi moto. Martha ndidzabwera naye kwa inu, ine ndi amake tidzatsala kuno pamakina.

Moni kwa amalume a Seth, azakhali a Hephzibah ndi alamu anga onse. Muzimutchula mwanayu m'mapemphero.

Ine mwana wanu,
Enoch Sugden