Nyongolotsi M'dothi la Kumwezi

Lolemba, 2 Juni

Dothi langa la kumwezi latheka. Miyala yakuda ya kwale ndaphwanya ndi hamala, botolo ndasinja, zonse ndasefa n'kuwotcha mu uvuni kuti chamoyo chilichonse chife. Kumwezi ndi momwemo: miyala yogwa kuchokera mumlengalenga yakhala ikuswa matanthwe mpaka asanduka fumbi lakuthwa ngati galasi. Kulibe tsamba lowola ngakhale limodzi.

Ndadzala nyemba m'zitini ziwiri, china cha dothi limeneli, china cha dothi lakudimba. Pa 20 ndikazionetsa kukoleji. Ndikalephera ndibwereza chaka, ndipo bambo a kunyumba ati sukulu ya ukalambayi ithera pomwepo. Tiona.

Lachiwiri, 10 Juni

Zakudimba zabiriwira. Zakumwezi n'zachikasu, zonyentchera, ndendende mmene ndimafunira. Koma apongozi aamuna, amene akalambira pa ntchito yosamalira maluwa, amaima pakhonde n'kumaziyang'ana ngati ali pamaliro. "Mayi, mbewu sazunza chonchi. Ndi tchimo." Ndawauza mwaulemu kuti asakhudze.

Lachiwiri, 17 Juni

Zakumwezi zabiriwira! Ndavina ndekha m'khitchini. Ndimati ndatulukira chimene azasayansi onse chinawaphonya.

Lachitatu, 18 Juni

Nyongolotsi. Yonenepa bwino, m'chitini cha kumwezi. Ndafukula ndi supuni: pansi pali manyowa a nkhuku okhaokha.

Apongozi sanakane n'komwe. "Ndinangothira pang'ono. Zimalira njala." Ndapsa mtima, koma apongozi sakalipiridwa. Ndakakalipira mbale kusinki.

Bambo a kunyumba aseka mpaka kutsokomola. Akuti ndichotse nyongolotsiyo ndikaonetse momwemo, adziwa ndani? Ndidziwa ine.

Lachisanu, 20 Juni

Ndapita nacho chitinicho, nyongolotsi ili momwemo, ndanena zoona. Kalasi yonse kuseka. Aphunzitsi sanaseke. Ati ndiyambirenso ndibwere nazo mwezi wamawa, ndipo mwayi ndi womaliza.

Nditabwerako, bambo a kunyumba: "Basitu, waonapo. Khala pansi." Ndatenga thumba ndapita kukatola miyala ina. Matuza a ulendo woyamba sanapole. Aphulike, ndilibe nazo.

Loweruka, 21 Juni

Ndadzuka ndi phokoso kuseri kwa nyumba. Gu! Gu! Apongozi ali pa kampando kawo, hamala m'manja, miyala yanga ija yatsala pang'ono kutha. Sefa atsuka kale.

"Ndiye kumweziko kulibe ngakhale chiswe?"

Ndati kulibe.

"Nanga nyembazo zikamafa?"

"Zife, bambo. Ndikufuna kuona mmene zifere."

Apukusa mutu nthawi yayitali. Kenako alowa m'nyumba, atuluka ndi kiyi wa khola la nkhuku n'kundiika m'manja.

"Sungani inu. Ine ndimadzidziwa."