Tiyi wa Dalitso

Lachinayi. Kwatentha tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Mlendo wina anasiya buku ku hotelo kwathu, ndiye ndimaliwerenga m'basi pobwerera ku Najma, dera limene timagona kuno kunja kwa dziko. Likukamba za pulezidenti wakalekale wa ku America, mwana wa mayi wamasiye, amene anayamba ndi uphunzitsi n'kudzakhala phungu zaka zambiri. Atangolowa upulezidenti, munthu wina wodzitama kuti ndiye anamupambanitsa pachisankho anamukakamira kuti ampatse udindo. Atammana, anakamuwombera pa siteshoni ya sitima.

Bukulo ndalitseka n'kuyamba kuganiza za ine mwini. Sabata yatha anandikweza kukhala supavaiza wa magadi, ndipo Dalitso, amene timagona chipinda chimodzi, akuuza aliyense kuti ndiye anandinenerera kwa manijala. Amafuna ndimuike mkati, mozizira. Lero ndamusiya pageti, padzuwa, chifukwa mkatimo ndaikamo a Banda, amene BP ikuwavuta.

Madzulo ano sanakalipe ayi. Wangondithirira tiyi n'kunena akumwetulira, "Imwani, abwana. Khalas, basi, zinatha zija."

Tiyiyo wazizirira pawindo. Sindinamulawe, ndipo Dalitso akundiyang'anabe.