Bondo la Amalume Samsuri

Lolemba, 6 Meyi

Fani ya mu ofesi yayambanso kulira. Ndawauza a Vasanthi kachinayi tsopano, iwo amangoti mawa. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikumutaipira makalata loya ameneyu, "mawa" wake ndimamudziwa bwino. (Ndiziwalemba kuti V., dzanja limatopa.)

Lipoti la dokotala wa mafupa wa ku Ipoh lafika lero, la Amalume Samsuri, bambo wachikulire uja anagundidwa ndi lole ya zipatso za kanjedza chaka chatha ali pa njinga yamoto. Zithunzi za mafupa zikuonetsa poyera kuti bondo lamanzere linaphwanyika ndipo likufunika opaleshoni ina. Koma pa tsamba lachitatu dokotala walemba zimene anamva: wodwala akuti alibe vuto lililonse, akuchita zonse monga kale.

V. anawerenga ali chiimire, kenako anakhala pansi. "Achemwali Ros, munthu wanu uja watiphera mlandu."

Munthu akamavuta amakhala wanga. Mlandu ukayenda bwino ndi wawo.

Vuto ndi ili. A inshuwalansi akaona mawu amenewo adzati munthu wochira safuna opaleshoni, ndipo chipepeso chidzangokwanira mankhwala opaka. Amalume sangalipire opaleshoni ndi nthochi za m'munda mwawo. Mapepala onse akufunika kukhoti pofika Lolemba pa 20.

Masana mpunga wa kwa Mayi Jamilah. Nsomba yokazinga inali bwino lero.

Lachiwiri, 7 Meyi

Kunabwera mkulu wina amene akuti anavulala khosi pa ngozi, atavala chomangira chake mpaka m'makutu, akubuula sitepe iliyonse. Atatsika ndinasuzumira pa zenera. Chomangira chili pa tebulo la malo odyera, iye akutembenuza khosi uku ndi uku kuonera mpira. Ndaseka ndekha mpaka tiyi anandipalira.

Ntchito yathu nthawi zambiri ndi kubweza anthu okokomeza. Munthu wadzikanda chigongono, akufuna tilembe kuti mkono unatsala pa msewu. Ndiye mmodzi yekha amene wavulaladi, ameneyo akuti ali bwino.

Ndawaimbira foni Amalume. Abwera mawa ndi akazi awo.

Lachitatu, 8 Meyi

Ofesi yathu ili pamwamba pa shopu ya matayala, masitepe ake ndi 23. Ine masitepe amenewo ndimawakhulupirira kuposa lipoti lililonse. Munthu asanafike pakhomo ndimakhala nditamva kale kuti wavulala pati. Amalume Samsuri ndinawamva bwinobwino: phazi limodzi, zii, phazi lomwelo kachiwiri. Anapuma katatu. Atafika thukuta linali kamukamu, koma kumwetulira kwake ngati abwera ku ukwati. Kumbuyo kwawo Azakhali Tumirah, akazi awo, atanyamula mananazi awiri ndi chitini cha chinangwa chokazinga.

V. anayesa njira zonse. Bondo limapweteka? Ayi, tiyamike Mulungu. Usiku mumagona? Ndimagona, tiyamike Mulungu. Mungathe kunjuta? Anaseka, akuti munthu wa zaka 67 akanjutirenji. V. anawafotokozera kuti kunena zowawa si kupempha, ndi kupatsa khoti zoona.

"Mayi loya, lole ija ikanandipha. Ndili moyo, ndikudya mpunga, ndikuona adzukulu. Ndidandaule ndi kamwa liti?"

Azakhali ankangoyang'ana pansi, akupinda ndi kupindula ngodya ya mpango wawo.

Kuitana kwa swala ya masana, pemphero lathu Asilamu, kutamveka kuchokera ku mzikiti ndinawauza kuti m'chipinda cha mafayilo muli mkeka woswalirapo, ndimaswalira momwemo. Anayankha msangamsanga kuti akaswalira kunyumba. Kunyumba kwawo ndi ulendo wa ola lathunthu, ndipo aka n'kachitatu kundiyankha chonchi. Ndinawayang'ana pamphumi. Chaka chatha, tsiku loyamba kubwera kuno, anali ndi kabanga kakuda kaja ka anthu amene agunditsa mphumi pansi kwa zaka zambiri. Lero katsala pang'ono kuzimiririka.

Chinangwa n'chokoma, V. wadya theka la chitini uku akudandaula za shuga wake.

Lachinayi, 9 Meyi

Mashini ojambula mapepala atafuna lipoti la munthu wina. Tsiku lonse lathera pamenepo.

Loweruka, 11 Meyi

Ndimapita kwa mng'ono wanga ku Langkap, ndipo mudzi wa Amalume uli panjira. Ndinatenga chitini chawo kuti ndikabweze, nditaikamo makeke. Chitini ndi chifukwa chokwanira cholowera m'nyumba ya munthu.

Amalume kunalibe, akuti apita kukaona nthochi. Azakhali anandithirira khofi, tinakamba za mvula, za mtengo wa tsabola, za mwana wawo wa ku Klang amene saimba foni. Kenako ndinangoti, Azakhali, kabanga ka pamphumi pa Amalume kapita kuti?

Anadzuka, nanditsogolera kuchipinda. Kuseri kwa kabati kunali mpando wapulasitiki wobiriwira, woyang'ana kumene timayang'ana poswali.

Akuti chichokereni kuchipatala bondo silipinda. Amaswali atakhala pa mpando umenewo, atatseka chitseko ndi zenera. Zaka 26 ndiwo ankaitana anthu ku swala pa kamzikiti ka m'mudzimo, ankaima mzere woyamba. Tsopano chaka chatha osapondako. Anzawo akafunsa amati mawu anasasa, aitane achinyamata. Mipando ku mzikiti ilipo, okalamba ena amaswali atakhala, aliyense amadziwa kuti n'zololedwa. Iwonso amadziwa, ankaphunzitsa ena zomwezo. Koma kuti iwo, a Samsuri, akhale pa mpando kumapeto kwa mzere anthu akuona, ayi.

"Usiku wina ndinawapeza akuyesa kugwada," anatero Azakhali. "Analephera kudzuka. Ndinawadzutsa ndine, m'mawa mwake anandiuza kuti ndinalota."

Anandigwira dzanja, akuti ndisadzawauze kuti zachokera kwa iwo. Ndinalonjeza. Ndinachoka ndi mkoko wa nthochi ndi mtima wolemera.

Lamlungu, 12 Meyi

Ndachapa, ndasita, ndathirira maluwa. Mutu uli pa mpando wobiriwira.

Munthu ameneyu kudandaula amakuona ngati kunyoza Mulungu. Chabwino. Nanga bodza amaliona ngati chiyani?

Lolemba, 13 Meyi

Ndawapempha V. kuti chikalata cha umboni wa Amalume ndichilembe ndekha, kawiri. Chimodzi cha zimene iwo amanena, china cha zimene ine ndikuganiza kuti n'zoona. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Choyambacho sichituluka mu ofesi muno, mwamva?"

Ndinati sichitulukadi, ntchito yake ndi yoti chiwerengedwe basi. Anafunsa ngati ndikudziwa kanthu kena. Ndinati ndikudziwa masitepe. Anaseka, akuti tsiku lina ndidzawalanda ofesi. Ndinati ndikadzalanda ndidzayamba ndi fani.

Aimbiranso dokotala wa ku Ipoh. Wavomera kuwaonanso Lachisanu m'mawa ngati abwera, koma akuti iye amalemba zimene wodwala wanena ndi zimene waona, sangamuikire mawu m'kamwa. Akunena zoona.

Lachiwiri, 14 Meyi

Abwera onse awiri. Phazi, zii, phazi.

Ndinawakhazika pa desiki langa, V. ataima pakhomo la ofesi yawo ngati akuwerenga fayilo. Ndinawafotokozera monga ndimafotokozera aliyense: chikalata ichi ndi mawu anu, mukasaina tikupita tsidya la msewu kwa wolumbiritsa, mukalumbire kuti zonse zili m'menemu n'zoona. Anagwedeza mutu, cholembera chili kale m'manja.

Ndinawerenga pang'onopang'ono. Ine Samsuri bin Kardi ndachira. Bondo langa silipweteka. Ndimagona bwino, ndimachita zonse monga kale. Ankangovomera ndi mutu. Kenako ndinawerenga mzere womaliza, umene ndinaulemba ndi kuufufuta katatu dzulo. Ndimaswali monga kale, mogwada ndi kugunditsa mphumi pansi, kasanu pa tsiku.

Mutu unasiya kugwedezeka. Anatembenukira kwa Azakhali. Ndinafulumira kunena kuti wandiuza ndi mphumi yawo, ndipo pamenepo sindinaname, mphumi ndi imene inayamba kundiuza. Anadzigwira pamphumi ndi zala ziwiri.

"Mzere umenewo uchotse, mwanangu."

Ndinati ndingathe kuuchotsa, koma pamwamba pake palembedwa kuti mumachita zonse monga kale, ndipo zonse ndi zonse. Loya wa inshuwalansi adzakufunsani kukhoti mutalumbira.

Anayang'anitsitsa pepala lija. Fani yokha ikulira. Kenako anaika cholembera pa desiki mwaulemu, anachiwongola kuti chilingane ndi pepala, nadzuka. Sanatsanzike. Kutsika kunawatengera nthawi kuposa kukwera, ndipo ndinamva sitepe iliyonse.

V. anabwera kudzaima pafupi nane, akuti mwina tawataya. Ndinati mwina.

Ndachita manyazi lero. Ndavula munthu wamkulu pamaso pa mkazi wake. Kaya ndachita bwino kaya ayi, sindikudziwa.

Lachitatu, 15 Meyi

Foni yalira kasanu ndi kawiri. Palibe ya iwo. Wa khosi uja akufunsa ngati angawonjezere msana.

Lachinayi, 16 Meyi

Azakhali aimba cha m'ma 10, akunong'ona ngati ali m'kabati. Akuti Amalume sanawalankhule Lachiwiri lonse, dzulo anakana chakudya chamasana. Lero m'mawa angodzuka n'kufunsa kuti malaya awo oyera aja asitidwa kodi, nanga basi ya ku Ipoh imanyamuka nthawi yanji.

Ndinathamangira kwa V. osagogoda. Anali pa foni ndi loya wina, anangokweza chala chachikulu n'kupitiriza kukangana.

Masana agula mpunga wa nkhuku wa tonse awiri. Achita okha, osapemphedwa. Ndilembe, zisadzaiwalike.

Lachisanu, 17 Meyi

Ndamva kwa Azakhali madzulo ano. Dokotala atafunsa kuti muli bwanji, Amalume anayamba ndi "tiyamike Mulungu" wawo uja, Azakhali mtima uli m'mwamba. Kenako anapempha kansalu koyala pansi. Anavula nsapato, anaima monga poswali, anawerama, nayamba kutsika. Anafika pamene bondo limakanira, anaima pomwepo atagwira bedi, akunjenjemera. Anauza dokotala kuti alembe kuti apa ndi pamene amalekezera, ndipo mphumi yawo inakhudza pansi komaliza m'bandakucha wa tsiku la ngozi.

Dokotala anayeza bondo ndi kachipangizo kake, anafunsa mafunso ambiri, ndipo onse anayankhidwa. Akuti lipoti lowonjezera litipeza Lolemba m'mawa.

Azakhali akuti pobwerera m'basi Amalume anadya mabanzi atatu.

Lolemba, 20 Meyi

Lipoti lafika 9 koloko isanakwane. Masamba awiri. Bondo limapinda osafika theka, opaleshoni ikufunika, ndipo ikatheka pali chiyembekezo choti lizipinda kuposa pano. V. awerenga kawiri, akuti tsopano a inshuwalansi abwere tikambirane ngati anthu. Chikalata choyamba chija ndaching'amba ndekha.

Cha m'ma 12 ndinamva masitepe. Phazi, zii, phazi. Koma lero panali kaphokoso kena pakati, go, go. Ndodo. Ija anapatsidwa kuchipatala chaka chatha, imene Azakhali ankayanikapo matawulo.

Ndinaima pakhomo, osadziwa ngati andiyang'ana n'komwe. Ndinati Amalume, muli bwanji?

"Bondo likupweteka, mwanangu. Tiyamike Mulungu."

Ndinawawerengera chikalata chachiwiri. Anandikonza malo amodzi, akuti si zaka 26 zoitana anthu ku swala, ndi 27, ndisawadyere chaka. Ndinakonza, anasaina, tinapita tsidya kukalumbira, tinabwerera. Masitepe kawiri tsiku limodzi, ndipo ulendo wachiwiri analola kugwira mkono wa V.

V. ananyamula mafayilo kuthamangira kukhoti. Kuitana kwa swala ya masana kunamveka ine ndikutsuka makapu. Nditatuluka ndinapeza Amalume apinda manja a malaya, akufunsa kumene kuli mpopi. Atasamba m'manja, kumaso ndi m'mapazi pokonzekera swala, anaima pakhomo la chipinda cha mafayilo, akuyang'ana mkeka wanga.

"Mpando uja ndimakhalira ndikabwera, ndibwereke."

Ndinaunyamula, ndinauika pa mkeka. Potuluka ndinagwira chitseko kuti nditseke.

"Chisiye chotsegula," anatero. "Mukutentha muno."