Dizilo wa Chipepeso

Amayi, kumeneko kwacha bwanji? Muli bwanji inu ndi atate?

Kuno ku Chelstone tilipo, kungoti kwatentha. Fumbi lili m'maso, mitambo ikungosonkhana masana n'kubalalikanso, mvula osagwa. Ndati ndikulembereni popeza mwala wanu tsopano wakhala pamanda panu, ndipo mmene unayendera kuti ufike ku Katete ndi nkhani yofuna mpando. Khalani pansi, atate akuwerengereni, paja a zilembo anali iwo.

Ndiyambe ndi za pakhomo. Mdzukulu wanu Tisa wachira, wabereka mwana wamkazi, wonenepa ngati dzungu. Tamupatsa dzina lanu. Ndiye pano nyumba yonse ikuopa kumutchula, akalira, mkazi wanga, amake Tisa, amangoti, "Apongozi ayamba, apatseni bere." Mlongo wanga Esinati ku Kabwata miyendo ikumutupabe, koma kumsika sajomba. Kumudzi mtedza unachita bwino, chimanga n'chimene chinapsa ndi dzuwa. Mtengo wa mapeyala uja munkaletsa ana kukwera wabereka mpaka nthambi ina kuthyokera kwa aneba, ndipo aneba sanabwere kudzadandaula.

Tsopano ndibwere pa vaneti, ija munkaitcha mkazi wanga wamng'ono chifukwa cha kudya kwambiri ndi kudwaladwala. Ikali nane. Ndikali kuima nayo pamsika wa Chelstone, kudikira wofuna kumunyamulira njerwa, makala kapena mipando. Mukudziwa mmene ndinkaisungira. Injini ya dizilo ili ngati munthu wa m'mimba mosachedwa kukwiya. Mseu woipa imapirira, katundu wolemera imapirira, koma mafuta akuda ayi. N'chifukwa chake ndimathira pa filing'i siteshoni, ndipo zikavuta kuti ndigule wa m'chigubu, ndimayamba ndamusefa ndi nsalu, n'kumusiya akhazikike mu ndowa.

Tsiku lija tinakunyamulani kupita nanu kwanu, inu simunaone zimene zinachitika kuseri kwa nyumba. A Chanda mukuwakumbuka, Mbemba uja wa vaneti yofiira amene timaima naye pamsika, amene ankalowa m'khitchini mwanu n'kumatsegula kabati kuti akufuna mbewa zimene mwabisa. Paja maliro athu a kum'mawa eni ake ndi Abemba. Ndiwo ambuya athu: amatema nkhuni, amatipaka ufa kumaso, amatitukwana kuti tisalire mopitirira, ndipo zonena zawo sitikwiya nazo. Iwo anasonkhanitsa madalaivala anzathu, aliyense n'kubwera ndi chigubu cha dizilo ngati chipepeso. A Chanda akumasula okha chivindikiro cha thanki, amvekere, "Iwe mudala, wapaya ba mayo kuti uzidya mbeba weka. Manje choka apa, motoka ni yathu lelo." Eti ndinakuphani ine kuti ndizidya mbewa ndekha!

Zigubu zija ndinaziona. China chinali cha mafuta ophikira, china chakuda chosaoneka m'kati. Kumene dizilo wotere amachokera ndimakudziwanso: kwa anyamata a m'mbali mwa mseu amene amapopa m'mathanki a malole, ena n'kuonjezamo palafini kuti achuluke. Nsalu yanga inali momwemo, pansi pa mpando. Koma m'makutu munabwera mawu anu aja akuti, "Dzanja lobwera kudzalira nawe salinunkhiza." Nanga ndani anasefapo chipepeso mwini wake ali chiimire? Ndinangoti zikomo, dizilo n'kulowa yense.

Popita tinayenda bwino, inu munafika mwaulemu. Pobwerera, m'mapiri a ku Luangwa muja, ndi mmene inayambira kutsokomola. Kuyambira pamenepo mtendere sindinauonenso. M'mawa poiliza inkangolira osadzuka, ikadzuka utsi woyera kudzaza bwalo mpaka nkhuku kuthawa. Pachitunda mphamvu zii. Ndinasintha fyuluta; ndinagula ina m'tauni, yokongola pabokosi, koma m'kati muli kapepala kopyapyala ngati kopichirira fodya. Kutazizira ndinasintha mahita, timapulagi tija totenthetsa injini m'mawa. Batire inatha ndi kulizaliza, kenako sitata nayo inapsa. Ndinayamba kuigoneka kunja kwa geti, mphuno italoza kumtsetse, kuti m'mawa izifuna manja ochepa okankha. Amayi a kwaya a mumpingo mwathu aikankhapo, atavala mayunifomu awo.

Tsiku lina inazima pakati pa tauni, ndili ndi bedi ndi kabati za munthu wosamukira ku Kabulonga. Maminibasi kumbuyo mahutala pii, makondakitala akunditcha mayina amene sindingalembere mayi wanga. Mwini katundu anatsitsa zake pomwepo n'kuitana galimoto ina. Nkhani zotere pamsika zimathamanga, ndiye anthu anayamba kundilambalala ngati ndili ndi mphere.

Pakhomo aliyense anasanduka dokotala. Esinati anati galimoto yonyamula maliro imafuna madzi odalitsa, ndipo anabwera nawo m'botolo. Ndinamulola, ndinangomuuza kuti awaze kutali ndi thanki. Ena anati mwina inu simunakondwe nalo bokosi. Mwana wanga Dalitso, uja wa ku Woodlands, anati, "Atate, mwakula, nayo galimoto yakula. Tiyeni tiigulitse kwa ophwasula, inu mupumule." Sananene mwachipongwe ayi, mwanayo ali ndi mtima. Koma ine ndinali nditalonjeza pamanda panu, anthu akumva, kuti imene yabwera nanu ndi yomwe idzabwere ndi mwala. Komanso munthu ngati ine akandilanda chiwongolero, ndizidzukira chiyani? Tinamvana chonchi: andithandize kuikonza komaliza, ndipo ikalephera ulendo wa mwala, makiyi ndidzamupatsa ndi dzanja langa.

Tinaikokera kwa a Sakala, makanika wa pansi pa mtengo ku Kabwata. Iwo sanachedwe. Anamasula kunsi kwa fyuluta, munatuluka madzi ofiira ndi dzimbiri. Anatsitsa thanki, m'katimo matope oti n'kuwokamo mpunga. Pampu ya dizilo ndi manozo, timilomo tija topopera mafuta mu injini, zonse zinali zitadyeka. Zinapita m'tauni kwa anthu a makina oyezera, ndipo zinakhalako mpaka mphepo ya fumbi kuyamba. Atazibwezeretsa, a Sakala anaonjezanso chitsulo pa masipuling'i akumbuyo, poti mwala si thumba la makala. Popereka makiyi anandiuza kuti, "A Banda, pampu iyi yadzuka kamodzi, kachiwiri sidzadzuka. Mukaimwetsanso za m'zigubu musabwere kuno, mukangoikumbira dzenje."

A Chanda sindinawauze kanthu. Ndikanayambira pati? Miyezi yonse ija ndiwo ankandikoka ndi chingwe ikazima, ndiwo ankandibwereka batire, akunditukwana njira yonse kuti anthu a kum'mawa tinazolowera njinga, galimoto si yathu. Yawo ija ndi ya injini yakale kwambiri, imamwa chilichonse, ngakhale mutaithira munkoyo, chakumwa chathu chonga thobwa chija, ikhoza kukafika ku Kafue. Ndiye iwo sankaona choipa pa dizilo wa m'zigubu.

Linafika tsiku la ulendo. Kumudzi thobwa linali litaphikidwa kale, akatekisiti atauzidwa, simenti ndi mchenga zili pamanda. Mwala tinaukweza dzulo lake, titaugoneka pa matiresi akale n'kuumanga ndi zingwe. Kutacha, ndikuti ndituluke ndikadzaze thanki pa filing'i, ndinangomva hutala pageti. A Chanda ndi anzathu ena apamsika, zigubu m'manja.

"Shani, kudya-mbeba! Unaganiza uzathaba osatiuza? Mwala wa ba mayo siungayende pa dizilo yogula iwe weka. Segula tanki."

Amayi, taganizani. Dalitso ali pomwepo, Esinati ali pomwepo, amake Tisa angoyang'ana pansi. Ndinayesa njira ya ulemu. Ndinati, "Ambuya, zikomo, ikani kumbuyoku, tidzathira pobwerera."

Iwo amvekere, "Awe, nikuziba iwe. Uzakagulisa ku Katete, ugule mbeba. Nizathila neka." Akunena choncho dzanja lili kale pa chivindikiro.

Dzanja lija ndinaligwira. Ndinatenga ndowa yoyera ya amake Tisa, n'kumangapo nsalu, n'kuyamba kutsanula chigubu chawo pamaso pa onse. Poyamba ankaseka. "Onani mfwiti iyi, isefa monga ni kachasu!" Koma nsalu inayamba kuda: dzimbiri, mchenga, ndi zina zoterera zimene sindinazidziwe. Titadikira pang'ono, pansi pa ndowa panaoneka madzi, atakhala paokha kunsi kwa dizilo. Kuseka kunatha. Mmodzi wa anzathu anafunsa ngati ndi zomwezi zimene zinapha pampu. Ine ndinangopitiriza kufinya nsalu ija, ndipo onse anamva.

A Chanda anayang'ana m'ndowa muja nthawi yaitali. Kenako anati, "Chaka chonse nikudonsa na ntambo, kansi iwe uziba, osaniuza?" Anatola chigubu chawo chopanda kanthu, n'kunena kuti, "Muyende bwino, ba Banda." Amayi, chidziwirane chathu tili anyamata, munthu ameneyu anali asananditchulepo ba Banda.

Ulendo wokha ulibe zambiri. Tinadzaza pa filing'i, Dalitso atakhala pambali panga, Esinati pakati ndi korona wake wopempherera m'manja. Tinadutsa Chongwe ikuyenda ngati namwali. M'mapiri muja ndinakwera ndi giya yaing'ono, osaikakamiza. Pamalo amodzi singano ya kutentha inakwera, ndinaima pamthunzi, tinadikira izizire, ndinaonjeza madzi mu ladiyeta n'kukungako lamba wa fani. Utsi woyera sunaoneke ngakhale pang'ono. Tinalowa m'mudzi dzuwa likali m'mwamba, amayi akululutira. Zotsalazo munaziona nokha: nyimbo, pemphero, ndi msuweni wanga Zakeyu kulimbana ndi omanga kuti mwala wapendekera kwa atate. Ine ndinati usiyeni, nanunso munkapendekera komweko. Pobwerera Dalitso sanatchule za makiyi, ndipo titafika anangoti ndizimuuza nthawi yosintha oilo ikakwana. Dizilo wa m'zigubu uja anatsala pakhomo. Tikupaka mitengo ya khola la nkhuku kuti chiswe chisadye.

Ndiye vaneti ili moyo, ntchito zayambanso kubwera. Sabata yatha ndinanyamula matailosi kupita nawo ku Roma, inadzuka ndi kiyi kamodzi kokha. Ikudonthabe oilo pang'ono, chitseko cha kumanzere chimatsegukira kunja kokha, koma zimenezo ndi za ukalamba, nanenso ndili nazo.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi pamsika. A Chanda tsopano amaimika yawo kumapeto, pafupi ndi ogulitsa makala. Ndikafika amavula chipewa, "Mwauka bwanji, ba Banda, ku nyumba bali bwanji?" Basi. Dzana ndinawayamba dala, ndinati Abemba mwamaliza anyani onse m'mapiri, tsopano mudya chiyani? Iwo anangomwetulira ngati ndine bwana wa ku ofesi, n'kuti, "Ni zoona, ba Banda." Yawo itakana kulira, anaitana anyamata a mawilibala kuti awakankhe, ine ndili pomwepo ndi chingwe changa.

Amake Tisa akuti kusefa sindinalakwe, ndinalakwa kudikira mpaka pagulu. Akuti munthu amene amakukoka ndi chingwe ukanamuuza muli awiri, pansi pa boneti. Mwina akunena zoona. Inu munandiphunzitsa kulandira ndi manja awiri, koma simunandiuze chochita pamene mphatso ili ndi madzi pansi, ndipo mwina nanunso simunakumane nazo. Mukanakhalapo mukanangomanga duku n'kupita kwawo, madzulo a Chanda ali m'khitchini muno akutsegula miphika.

Poti inu simungapite, ndipita ndine. Lamulungu likubwerali, tikatuluka Misa, ndipita kwawo ku Kamanga. Vaneti ndiisiya pakhomo, ndipita wapansi. Ndikakhala pakhonde pawo, kaya andipatse mpando kaya asandipatse, ndipo ndikukulonjezani kuti sindichokapo mpaka anditukwane. Mvula ikatha tidzabwera kudzalambula pamanda, ndi kamwana ka dzina lanu mudzakaone.

Mundiperekere moni kwa atate. Gonani bwino, amayi, timakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Mateyu