Musagule kiyibodi ya mtundu wa a Msukwa

Okondedwa Achimwene,

Mwaghona uko ku Joni? Kuno ku Kaseye tonse tili bwino, ndipo amayi chifuwa chija chinawasiya.

Ndamva kuti mukufuna kundigulira kiyibodi yonga ya a Msukwa, oimbira kwaya ya ku Misuku, ati poti ndi yapamwamba. Chonde imani kaye.

Loweruka tinali kwawoko ku chikondwerero cha makwaya. Kiyibodi yathu inanyowa ndi mvula pa njinga yamoto, ndiye a Msukwa anatibwereka yawo. Sindinama, imalira bwino. Ikayamba ng'oma ungati pali anthu asanu. Koma inu mukudziwa kuti ine nyimbo zonse ndimaimba pa kiyi imodzi, n'kudina batani lotsitsa mawu kuti amayi a kwaya afikire. Pa yathu batani limenelo ndimalipeza ngakhale nditatsinzina. Pa yawoyo ndinalifunafuna mpaka thukuta, kenako ndinangoyamba choncho. Amayiwo anakuwa ngati akuingitsa mbalame m'munda wa mawere, ndipo a Nakaonga, otsogolera nyimbo, mawu anawathera pakati pa vesi.

A Msukwa anabwera akuseka. "Mwana wakwithu, galimoto yabwino imafuna dalaivala."

Ndinati, "Yathu ikauma mubwere mudzaimbepo, tidzaone dalaivalayo." Anangokanda m'mutu, chifukwa nawonso mtundu wathu sanaukhudzepo.

Choncho gulani mtundu wathu womwewu, yaikulu yake ija, ndi chikwama chosalowa madzi. Zala zangazi zinabatizidwira pamenepo, ndipo sizingasinthe mpingo chifukwa cha ng'oma.

Mundiperekere moni kwa alamu. Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Lusekelo