A Fabiano Abwerera pa Kabaza

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Rivirivi tilipo. Chichokereni inu, zaka khumi ndi zinayi tsopano, kwabadwa zidzukulutudzi zanu zisanu ndi ziwiri. Womaliza ndi wamkazi, tamupatsa dzina lanu. Chimanga chaka chino ndapeza matumba asanu ndi limodzi, nandolo awiri. Mbuzi zatsala zitatu.

Koma nkhani yeniyeni ndi iyi. A Fabiano, mkamwini wanu uja anandisiya ndi ana anayi n'kukakwatira kwa Kawinga, abwerera patatha zaka makumi atatu ndi chimodzi. Atafa ziwalo mbali imodzi, abale a mkazi winayo anati mkamwini wosagwira khasu alibe malo pamudzi. Ku Mozambiki kwa makolo awo kulibenso wowadziwa. Anawatsitsa pa Balaka, wakabaza n'kuwamangirira kumsana kwake ndi chitenje, kudzawatula pakhonde panga.

Lero akwanitsa masiku makumi anayi ndi atatu. Ndimawatembenuza kanayi pa tsiku. Phala amameza masipuni khumi ndi awiri, yotsatirayo amalavula. Pakamwa pamatha kuitanitsa fodya, koma zikomo sanatulukepo ngakhale kamodzi.

Amayi a mumphakati, amene timaimba nawo za chifundo Lamulungu lililonse, abwera awiri okha, kudzaona ngati ndapenga. Mdzukulu wanu Aginesi, amene anasiyidwa akuyamwa, wanenetsa kuti iye ndi ana ake sapondanso pano pokhapokha bambo akewo atachoka.

Mlanduwu ndi wanu, Amayi, inu ndi mbale yanu yachitsulo ija munkaisungira aliyense wodutsa. Munadyetseramo ngakhale mkulu uja anakuberani nkhuku zisanu. Nditadandaula munati, "Wanjala sitimufunsa kalata ya ubatizo." Ndinkati ndi kupusa, ndipo mpaka lero sindinasinthe maganizo kwenikweni. Koma mbale yomweyo ndi imene ndikudyetseramo a Fabiano.

Musaganize kuti ndakhululuka, iyayi. Popemphera, ndikafika pa mawu okhululukira anzathu aja, ndimatseka pakamwa n'kudikira anzanga adutsepo. Munkati Ambuye amayamba kuona manja, mtima umatsatira pambuyo. Wangawu sunanyamukebe.

Aginesi ndamuyankha dzulo kuti Khrisimasi akadyere kumene akufuna. Ndalira, kenaka ndakawatenthetsera a Fabiano madzi osamba.

Ndikulonjeza kuti sindiwathamangitsa. Koma akadzamwalira n'kufika kumeneko mudzawalandire ndinu, poti munaziyamba ndinu. Ine ndidzafika nditatopa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina